Real ale ndi cider ku pub ya ku England

Wa ku Katoto: Akuluakulu, munthu akalowa pub (bala) yachikale ku England, amaitanitsa bwanji mowa wa real ale?

Wa ku Luwinga: Musakhale pampando kudikira weta, achimwene, sabwera. Pitani pakauntala, muitanitse, mulipire pomwepo. Nenani pint, yomwe ndi 568 ml, kapena half, theka la pint. Real ale amachita kupopa ndi dzanja kuchokera mumgolo wa m'chipinda cha pansi. Amapitiriza kuwira mumgolomo, monga achitira Chibuku m'paketi. N'chifukwa chake alibe gasi wambiri ngati Carlsberg, ndipo sazizira kwambiri, madigiri 11 mpaka 13 basi. Musaganize kuti firiji yafa.

Wa ku Chibavi: Pemphani kulawa kaye, ambiri sakana. Mgolo akautsegula umafunika kutha m'masiku atatu kapena anayi, chifukwa mpweya ukalowa mowa umasasa. Ukanunkha viniga, bwezani mwaulemu, akusinthirani. Pub zabwino mungazipeze kudzera ku CAMRA, bungwe lolimbikitsa real ale lomwe linayamba mu 1971.

Wa ku Mchengautuwa: Koma cider musamale naye! Ndi wa maapozi, wotchuka ku Somerset ndi Herefordshire. Wakumudzi uja, scrumpy, amaoneka wambuu, amatsika ngati juwisi, koma mphamvu ya mowa wake imatha kupitirira 6%. Yambani ndi half, mutadya.