Masitolo akuluakulu akabwera ku Zomba, ntchito zimachuluka kapena zimangosamuka?

Wa ku Matawale

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pamisonkhano ya chitukuko m'mawodi muno mu Zomba, nkhani yosatha ndi yomanga malo aakulu a masitolo, aja a galimoto mbwee panja ngati Chichiri ku Blantyre kapena Gateway ku Lilongwe. Oifuna akuti mzinda uno unagona kuchokera pomwe likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo a ndalama zawo amakwera msewu wa M3 kukagula ku Blantyre. Okana akuti magolosale a m'tauni atseka. Funso langa ndi ili: womanga akaima kutsogolo n'kunena kuti abweretsa ntchito mazanamazana, tiziwerenge bwanji ntchitozo? Nanga komiti ya m'dera ifunse chiyani asanakumbe maziko?

Mmisiri wa pasaiti

Bambo a ku Matawale, choyamba muuzeni agawe nambala yakeyo pawiri: ntchito za pomanga, ndi ntchito zotsala nyumba ikatha. Ambiri amaziphatikiza kuti zimveke zambiri.

Za pomanga zimayenda motere. Kusalaza malo ndi kukumba ndi ntchito ya makina, anthu amakhala ochepa. Anthu amachuluka pothira konkire ya maziko ndi silabu, pomanga makoma a mabuloko, pa pulasitala, ndi poyala njerwa za poimika galimoto. Apa m'pomwe aganyu a ku Chikanda ndi Chinamwali amapezako kangachepe, koma ndi miyezi yowerengeka. Mafupa a nyumba zoterezi ndi zitsulo zomwe zimabwera zodulidula kale ndi kuboolaboola kufakitale, ndipo amaimika ndi gulu laling'ono la akatswiri ndi kreni. Mafiriji, zoziziritsa mpweya, mapaipi ozimitsira moto ndi magetsi aakulu, nazo zimabwera ndi anthu ake. Ndiye osafunsa kuti "mulemba anthu angati". Funsani kuti mwezi ndi mwezi pasaiti padzakhala anthu angati, ndipo mwa iwo amisiri ndi angati, othandizira ndi angati. Kontilakita aliyense amakhala ndi pepala limeneli chifukwa ndi lomwe amawerengera malipiro. Anthu 300 kwa miyezi itatu ndi chimodzimodzi anthu 75 kwa chaka chimodzi.

Oumba njerwa zootcha asadikire msika pamenepo. Malamulo omwe bungwe loyang'anira ntchito zomanga la NCIC linakhazikitsa mu 2018 amaletsa njerwa zootchera nkhuni pa nyumba za boma ndi zamalonda. Amene angapindule ndi oumba mabuloko a simenti, ngati ali ndi makina ogwedeza komanso akutha kupereka zikwi zingapo pa sabata zolimba mofanana. Mabuloko osathiridwa madzi masiku okwanira amafumbutuka pakona, ndipo injiniya amabweza lole yonse. Mchenga, kwale ndi mayendedwe zingathenso kutsalira anthu a konkuno, koma pokhapokha zitalembedwa. Funsaninso ngati kontilakitayo ali m'kaundula wa bungwe loyang'anira ntchito zomanga pa mlingo woyenera ntchitoyo, ndipo ngati ndi wakunja, atchule kampani ya Amalawi yomwe agawane nayo ntchito monga malamulo amanenera.

China chomwe anthu saganizira ndi madzi a mvula. Denga ndi poimika galimoto zikakwana hekitala imodzi, mvula ya mamilimita 50 imatulutsa malita 500,000, ndipo palibe dothi loti amwe. Zomba ili m'tsinde mwa phiri, madzi amathamanga. Ngalande ikangothera pampanda wa sitolo, madzi onsewo amakagwetsa nyumba ndi mabenchi a anthu a kumunsi asanafike mu Likangala. Pemphani kuona pulani ya ngalande mpaka pomwe madziwo akathirire.

Anaphiri a Golosale

Zomwe anena a Mmisiri n'zoona. Ine ndikambe za nyumba ikatha, chifukwa m'pomwe pagona nkhani.

Sitolo siibala ndalama mumzinda. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 105,000 mu Zomba, ndipo ndalama yoyenda m'tauni kwenikweni ndi malipiro a ogwira ntchito m'boma, asilikali a ku Cobbe, apolisi, a kuchipatala chachikulu, aphunzitsi ndi ophunzira a kuyunivesite. Sitolo yatsopano siikweza malipiro a anthu amenewa. Sopo, shuga ndi mafuta ophikira zomwe agule mkatimo ndi zomwe akanagula kwina. Ndiye funso ndi lakuti "kwinako" n'kuti. Ngati ndi ku Blantyre, Zomba yapindula, ndalama yabwerera kwawo. Ngati ndi pagolosale ya m'tauni momwemo, ntchito yangosamuka, ndipo kawirikawiri imachepa posamukapo, popeza sitolo yodzitengera wekha pashelefu imagulitsa katundu wambiri ndi anthu ochepa. Tiyerekeze magolosale 10 a antchito 4 aliyense atseka: anthu 40 amenewo muwachotsere pa nambala yomwe womanga walonjeza.

Koma si onse amavulala mofanana, ndipo apa anthu amasokoneza. Okala ya ku Sadzi kapena Mpondabwino siifa msanga. Imagulitsa mafuta a pasupuni, shuga womanga m'timapepala, ufa wa walkman, imakongoza mpaka pakutha pa mwezi, ndipo ili pakhomo. Sitolo yaikulu singachite zimenezo. Amayi a masamba ndi nsomba za ku Chilwa mumsika waukulu nawo amalimba, chifukwa mitengo yawo ndi yotsika ndipo kasitomala amanenerera. Ovulala ndi apakati: golosale yokulirapo ya pamsewu waukulu, butchala, bekale, ogulitsa ziwiya, ndi ogulitsa mopikulitsa ngati sitoloyo ikugulitsanso makatoni. Amenewa ndi omwe amalemba anthu awiri, atatu, asanu, komanso kupereka ganyu kwa onyamula katundu ndi akabaza. Akatseka palibe amalemba munyuzipepala, chifukwa amatseka mmodzimmodzi.

Tsono za timashopu ting'onoting'ono ta mkati, tomwe amati "mudzachitiramo bizinesi inu eni mzinda". Sitolo yaikulu ija ndi nyambo yokokera anthu, choncho imalipira lendi yotsika pa sikweya mita. Ang'onoang'ono amalipira yokwera, kuphatikizapo ndalama ya alonda, kusesa ndi dizilo wa jenereta magetsi a ESCOM akazima. Werengani mgwirizano wa lendi mzere ndi mzere. Ngati lendi yamangiriridwa ku dola, kumbukirani Novembala 2023: dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi, kutanthauza lendi kukwera ndi 44 peresenti pomwe makasitomala ali omwewo. Onaninso zomwe mgwirizano ukunena sitolo yaikuluyo ikachoka, chifukwa ikachoka anthu amasiya kubwera koma lendi siitsika yokha.

Ntchito zenizeni, zokhalitsa, zili kuseri kwa shelefu: katundu akuchokera kuti? Mpunga wa ku Domasi, masitiroberi a kuphiri, mazira, uchi, tomato wa ku Thondwe, zikalowa m'sitolo ndiye kuti ndalama ikuzungulira m'boma lino. Koma kulowamo si kungofika ndi dengu. Amafuna bizinesi yolembetsedwa, nambala ya msonkho ya ku MRA, akaunti ya kubanki, chiphaso cha Malawi Bureau of Standards pa zakudya zopakira, barcode, ndi tsiku lothera ntchito pa paketi. Amafunanso mlingo womwewo sabata iliyonse, dzinja ndi chilimwe chomwe. Chopweteka kwambiri n'chakuti salipira pompopompo. Umasiya katundu, ndalama n'kubwera patatha mwezi kapena iwiri, zoonongeka n'kukubwezera. Mlimi mmodzi mpamba umamuthera panjira. Amene amakwanitsa ndi makopaletivi omwe ali ndi posungira katundu ndi ndalama yoyendetsera miyezi iwiri. Choncho pamsonkhanopo funsani kuti adzalipira alimi pakatha masiku angati, ndipo wogula katundu wa sitoloyo adzakhala ku Zomba kapena zonse zidzachokera kunkhokwe yawo ya ku Blantyre.

Mlangizi wa za antchito

Mayi Anaphiri, zambiri ndikugwirizana nanu, koma pali mbali ina yomwe tisaibise. Ntchito ya m'sitolo yaikulu, ngakhale zitakhala zochepa, imakhala ndi kalata, tchuthi ndi penshoni: bwana amaika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Mtsikana wogulitsa pagolosale ya munthu nthawi zambiri alibe chilichonse mwa izi, ndipo amachotsedwa ndi pakamwa. Powerengera tiziyang'ananso mtundu wa ntchito.

Msampha uli apa: ambiri ovala yunifomu m'sitolo si antchito a sitoloyo. Alonda ndi osesa ndi a makampani ena. Okonza mashelefu ena amalipidwa ndi kampani yomwe ili ndi katundu pashelefupo. Ena ndi a masiku otanganidwa okha, kumapeto kwa mwezi ndi pa Khirisimasi. Womanga atchule nambala ya olembedwa mokhazikika ndi sitolo yeniyeniyo.

Ndipo masitolo aakulu nawonso amagwa. PTC inali pafupifupi pa boma lililonse m'dziko muno. Press Corporation inaigulitsa mu 2022, ndipo chaka chomwecho khoti linalamula kuti itsekedwe. Shoprite, yomwe inatsegula ku Mzuzu mu 2013, inalengeza mu 2025 kuti ikugulitsa masitolo ake a ku Malawi. Sitolo yotere ikatseka, anthu ambiri amakhala pansi tsiku limodzi, pomwe magolosale omwe akanawalemba anatseka kale.

Wochotsedwa chifukwa bizinesi yachepa kapena yatseka ayenera kulandira ndalama yachipepeso (severance allowance) malinga ndi lamulo la zantchito la Employment Act: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu pa zaka 5 zoyamba, masabata atatu pa chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse kupitirira apo. Wa zaka 7 ndiye kuti masabata 16. Izi n'zosiyana ndi penshoni, notisi ndi masiku a tchuthi omwe sanapite. Asunge kalata yolembedwera ntchito ndi mapepala a malipiro, aziona kukampani ya penshoni ngati ndalama zikufikadi, chifukwa mabwana ena amadula koma osatumiza. Zikavuta, ayambire ku ofesi ya zantchito ya pa boma, kenako kukhoti la zantchito la Industrial Relations Court.

Wa ku Matawale

Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Koma mayankho a pamsonkhano amauluka ndi mphepo. Tingawamange bwanji kuti asadzakane mawa?

Wa mapulani a mizinda

Achimwene, muwamangire pa mapepala atatu, ndipo nthawi yake ndi chilolezo chisanatuluke. Chikatuluka, mphamvu yanu yatha.

Loyamba ndi la malo. Dziwani mwini wake: Unduna wa Zamalo, Malawi Housing Corporation, khonsolo, kapena munthu. Ngati ndi malo a boma kapena a khonsolo, mu lizi mumakhala nthawi yoti akhale atamanga. Vuto lodziwika ndi munthu kutenga malo abwino pakati pa tauni, kusamutsa mavenda, kuzinga malata, n'kukhala zaka osamanga podikira kuti malowo akwere mtengo. Pamenepo ntchito zatha kale koma zatsopano palibe. Umirirani kuti ogulitsa asasamutsidwe mpaka womanga ataonetsa chilolezo, kontilakita ndi umboni wa ndalama zomangira, komanso malo atsopano atakhala ndi madzi, zimbudzi ndi shedi.

Lachiwiri ndi chilolezo chomangira pansi pa Physical Planning Act ya 2016. Komiti ya mapulani imatha kuvomereza ndi mfundo zoti zitsatidwe, ndipo m'menemo ndi momwe mungalowetse ngalande, polowera malole osatseka msewu, poima maminibasi ndi akabaza, ndi mabenchi a ogulitsa masamba mkati mwa mpanda. Pitirani kwa khansala wanu ndi kalata yosainidwa, musunge kope lodindidwa.

Lachitatu ndi lipoti la zachilengedwe ndi za anthu, lomwe MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, imaunika pansi pa Environment Management Act ya 2017 pa ntchito zikuluzikulu. Olemba lipotili amayenera kumva maganizo a anthu okhudzidwa. Musangosaina pepala la obwera pamsonkhano n'kulandira fanta. Onetsetsani kuti nkhawa zanu zalembedwa m'maminitsi, ndipo chiwerengero cha ogulitsa omwe asunthidwe chalowa mu lipoti.

Pa zonsezi, chomwe ine ndimachiona cholemera kwambiri ndi malo omwe nyumbayo yaikidwa. Ikakhala kufupi ndi msika ndi depoti, wotsika minibasi amalowa m'sitolo, n'kutulukira kumsika kukagula ndiwo, n'kukwera kabaza, onse adyapo. Ikaikidwa kunja kwa tauni m'mbali mwa M3, imakoka a galimoto, mabanki ndi ma ATM n'kutsatira, ndipo pakati pa tauni pamatsala nyumba zopanda alendi. Khonsolo imasangalala ndi msonkho wa nyumba yatsopanoyo, osawerengera ziphaso za malonda ndi matikiti a mumsika zomwe zichepe.

Komiti yanu ichite chinthu chimodzi mwezi uno, chosafuna ndalama: tengani kope, muyende mtunda wa mamita 500 kuzungulira malowo, mulembe shopu iliyonse, benchi lililonse ndi siteji ya kabaza, zomwe amagulitsa ndi anthu omwe amagwirapo ntchito. Kope limodzi mupereke kukhonsolo lidindidwe, lina kwa olemba lipoti la MEPA. Mudzawerengenso patatha chaka sitolo itatsegulidwa, mwezi womwewo, kuti nyengo ya malonda ifanane.