Cruiser 79 ikudya ma shock akumbuyo, tiike ati?

Yamikani wa ku Biwi: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili ndi Land Cruiser 79 single cab pagalaja pano, ya injini ya 1HZ. Mwini wake amagula soya ndi mtedza m'midzi ya ku Ntchisi n'kumabweretsa mu Lilongwe. Chiyambireni kukolola ma shock akumbuyo afa kawiri. Yakumanja yataya oyilo yense, yakumanzere diso (kamphete ka kumapeto komangirapo shock) lang'ambika pomwe anawotcherera kufakitale, mabushi ndiye musanene. Bwanayo akuti ndimupezere olimba kwambiri oti azinyamula matumba 30, ndalama si vuto. Ndiike ati?

Che Saidi a ku Limbe: Ngati ndalama si vuto muikire Old Man Emu kapena Ironman, nkhani yatha. Enawa ndi a ma Hilux oyendera m'tauni.

A Gondwe a ku Rumphi: Che Saidi mwathamanga. Yamikani, yamba wamuuza kasitomala wakoyo kuti shock sinyamula katundu. Onyamula ndi masipuling'i. Ntchito ya shock ndi kuletsa sipuling'i kuti isamangodumphadumpha ikagunda bampu, basi. Galimoto ikakhala pansi kumbuyo, ngakhale uike shock yodula bwanji ikhalabe pansi. Chinanso, 79 imeneyo katundu wake ndi wa pafupifupi tani imodzi, kutanthauza matumba 20 a 50 kg. Iye akukweza tani ndi theka. Koma chimene chandigwira mtima ine si oyiloyo, ndi diso long'ambikalo. Katundu wolemera sang'amba diso. Diso limang'ambika shock ikamakokedwa mpaka kumapeto. Kodi kumbuyoko sanasinthe kanthu?

Yamikani: Ndalowa pansi madala. Anawonjezera ma leaf (zitsulo zosanjikizana za sipuling'i) awiri mbali iliyonse, ndipo ma shackle (zitsulo zolumikiza sipuling'i ku chassis) si ake, ndi ataliatali osula pamanja. Ma bump stop onse awiri (malabala oletsa axle kugunda chassis) palibe, pangotsala mabawuti.

A Gondwe: Ehee, nkhani ndi imeneyo.

Fatsani wa ku Joni: Man, chita izi usanagule chilichonse. Masula shock mbali ya pansi, kweza chassis ndi jeke mpaka tayala lisiye dothi, axle ilendewere yokha. Kenako tambasula shock mpaka kumapeto uone ngati diso likufika pa pini. Ukatero yeza kuchoka pa pini yam'mwamba kufika yam'munsi. Muyeso wachiwiri ndi wa pamene axle yakwera mpaka kugunda bump stop. Manambala awiri amenewo ndiwo amasankha shock, dzina la pabokosi limabwera pambuyo. Kuno timaziona kwambiri pa ma pickup a alimi: munthu wakweza galimoto 50 mm koma wasiya shock za standard.

Yamikani: Ndayesa. Shock ikuperewera 4 cm kuti ifike pa pini.

Fatsani: Ndiye shock yako ndi imene yakhala ikugwira axle yonse kuti isagwe. Komanso sikuti imafa galimoto italemedwa pokha ayi. Imafanso popita, galimoto ili yopanda kanthu. Masipuling'i owonjezerawo ndi ouma, dalaivala akuthamanga pamsewu wafumbi kuti akafike m'mawa pasikelo, tayala likangotsikira m'dzenje shock imamenya kumapeto, gwa! Pobwera ili ndi matumba 30 popanda bump stop imamenyanso mbali inayo, valavu yapansi n'kuphwanyika. Ikumenyedwa uku ndi uku. Ukanaika Emu ya muyeso womwewo ikanafanso, kungoti ikanachedwerako.

Che Saidi: Chabwino, koma pa nkhani ya kutentha musanditsutse. Msewu wafumbi ukachita mizeremizere ngati lata, pisitoni imayenda mofulumira kwambiri, oyilo amatentha n'kuchita thovu, shock imangosanduka pampu ya mphepo. Ukaigwira ndi dzanja ukhoza kupsa. N'chifukwa chake ndimakonda za thupi lalikulu zokhala ndi oyilo wambiri. Kaya za gasi wa nitrogen, kaya foam cell monga za Ironman ndi Tough Dog, bola zisachite thovu msanga.

A Gondwe: Apo tagwirizana. Msewu wochoka ku Rumphi kudzera ku Bolero kukwera ku Nyika unatiphunzitsa zimenezo kalekale. Koma ine pa galimoto ya kumudzi sindiika monotube kumbuyo. Inde imazizira msanga, Bilstein ndi KYB Gas-a-Just ndi zabwino ndithu, koma ili ndi chubu chimodzi chokha ndipo pisitoni imayenda momwemo. Mwala wochokera ku tayala lakutsogolo ukaifinya pang'ono, pisitoni yagwira, shock yatha. Twin tube ili ndi chubu chakunja chosungira oyilo, chikapindika pang'ono yam'kati imagwirabe ntchito mpaka galimoto ifike kunyumba. Ku Ntchisi kumapiri kuja miyala ndi yosayamba.

Mayi Nabanda a masipeya: Ndilowererepo ana anga. Emu ndi Ironman kuno sizipezeka pashelefu nthawi zonse, zambiri timachita kuitanitsa ku Joni, ndiye ndi vuto la forex lilipoli mudikira. Soya sadikira munthu. Gabriel ndi Monroe zimabwera pafupipafupi kuchokera ku South Africa, ndipo Gabriel ali ndi Safari HDP yopangira ntchito ngati imeneyi. Koma chonde musamanditumizire mwana kuti "ma shock a Cruiser". Cruiser yake iti? 75 yakale kutsogolo inali ya ma leaf, 79 kuyambira 1999 kutsogolo ndi ma coil. Nditumizireni nambala ya chassis, miyeso iwiri yanena Fatsani ija, ndi chithunzi cha kumapeto konse kuwiri ndione ngati ndi diso kapena pini. Chinanso, samalani ndi zotchipa zapakhonde. Bokosi limakhala lokongola, koma nambala ya pabokosi ndi yodindidwa pathupi la shock sizigwirizana. Zina ndi zakale anangozitsuka n'kupopera penti.

Yamikani: Zikomo mayi. Ndiye ndichite ziti, ndigule zazitali kapena nditsitse galimoto?

A Gondwe: Ine ma shackle osulawo ndikanataya lero lomwe. Bwezera ake enieni, ma leaf awiriwo asiye poti munthuyo sasiya kudzaza. Ukatero uyesenso, mwina 4 cm ija itsika kwambiri. Ikatsala, ndiye ugule zopangira galimoto yokwezedwa. Koma usangoti yaitali ndiye yabwino. Shock yaitali imakhalanso yaitali ikafupika, ndiye ikhoza kugunda pansi axle isanafike pa bump stop. Bump stop iyambe ndiyo kugunda, shock itsale ndi kampata.

Fatsani: Uonenso paipi ya labala ya mabuleki yochoka pa chassis kupita pa axle, isakokeke tayala likalendewera. Ngati galimotoyo ilibe ABS ili ndi valavu kumbuyo yoyeza katundu, yolumikizidwa ku axle ndi kachitsulo. Kumbuyo kukakwera imaganiza kuti galimoto ndi yopanda kanthu n'kuchepetsa mabuleki akumbuyo. Imafuna kuichuna.

Che Saidi: Ndipo pomanga usagwire rodi ndi pulayala, ukaikanda imadya seal sabata yomweyo. Twin tube uyambe waipopa ili chiimire usanaike. Mabawuti a mabushi umange galimoto itaima pa matayala ake, osati ili pajeke. Usinthe ziwiri zonse pamodzi.

Yamikani: Akuluakulu ndabweranso. Ndabwezera ma shackle ake, shock ya standard ikuperewerabe 2 cm. Mayi Nabanda andipezera twin tube zazikulu za muyeso wautali, ndaika ndi ma bump stop atsopano, valavu ya mabuleki ndachuna. Tayala likalendewera shock ikutsala ndi malo. Bwanayo ndamuuza za matumba 20, wangoseka, akuti 25. Koma poyesa pamsewu chiwongolero chikunjenjemera ndikafika 80 n'kugunda kabampu. Steering damper, shock ya chiwongolero ija, ikuoneka yonyowa, ndisinthe?

A Gondwe: Damper imangobisa matenda. Yamba waona mabushi a panhard rod, ma tie rod end ndi ma bearing a king pin, kenako balansi ya matayala. Kweza kutsogolo, gwira tayala pamwamba ndi pansi, uligwedeze, utiuze chimene wamva.