Kodi kubetcha pa chiwerengero cha akamvuluvulu kumayendera malipoti ati?

Abale ndi alongo, makamaka inu amene mumatsatira nkhani zanyengo kuno ku United States, ndikupempha kuti mundithandize nzeru. Ndimakhala ku Oklahoma, dera limene akamvuluvulu oopsa amavuta kwambiri kuyambira Epulo mpaka Juni, ndipo mnzanga wakuntchito wandionetsa msika wa pa intaneti wotchedwa Kalshi, kumene anthu amabetcha ngati akamvuluvulu a mwezi wakutiwakuti aposa chiwerengero choikidwa. Munthu amagula "inde" kapena "ayi" pamtengo wosakwana dola imodzi, ndipo akalondola amalandira dola yathunthu.

Chimene chikundizunguza mutu ndi kawerengedwe kake. Bungwe la boma lolosera za mikuntho la Storm Prediction Center, lomwe lili mumzinda wa Norman kuno ku Oklahoma, limatulutsa malipoti oyambirira tsiku ndi tsiku, koma kamvuluvulu mmodzi angathe kunenedwa kangapo ndi anthu amene anamuonera m'malo osiyana, ndipo chiwerengero chotsimikizika chimabwera pambuyo pake akatswiri a National Weather Service, nthambi ya boma yoona zanyengo, akayendera malo owonongeka. Nanga ndalama zimagawidwa potengera chiwerengero chiti, choyambirira kapena chotsimikizika? Komanso, poti dziko lino limaona akamvuluvulu pafupifupi 1,200 pachaka, pamene Epulo wa 2011 yekha anali ndi oposa 700, kodi avereji ya zaka zakale ingathandizedi kulosera mwezi umodzi?

Ndivomere kuti mtima wanga sukhazikika. Ndinabisalapo m'chipinda chapansi ndi ana anga masaireni akulira, choncho kupindula ndi tsoka lotere kumandilemera. Inu amene munayesapo, munalingalira bwanji za zimenezi?