Nyali yowala kwambiri ya munthu wochedwa kugona: tiziyatsa nthawi yanji?

Nabanda: Mwana wanga wazaka 19 tulo timamupeza cha m'ma 3 koloko usiku, ndipo mukamusiya amadzuka 11 koloko. Akagona amagona bwinobwino, vuto ndi nthawi basi. Kuno ku Leeds, ku Britain, mu Disembala dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa. Tagula nyali ya 10,000 lux (lux ndi muyeso wa mphamvu ya kuwala). Kodi tiziyatsa 6 koloko m'mawa kuti azolowere?

Chisale: Ayi mayi, 6 koloko ndiye muwonjezera vutolo. Thupi limazizira kwambiri kukatsala maola awiri kapena atatu kuti munthu adzuke yekha. Kwa mwana wanuyo ndi cha m'ma 8 kapena 9 koloko. Kuwala kukalowa m'maso nthawi imeneyi isanakwane, wotchi ya m'thupi imati udakali usiku wadzulo, ndiye tulo timachedwa koposa kale. Kukalowa itadutsa, tulo timayamba kubwera msanga.

Yambani 11 koloko yomweyo, akangodzuka, kwa mphindi 30. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri, mudzutseni mofulumirako ndi mphindi 15 mpaka 30, nyali nayonso itsatire, mpaka mufike pa nthawi imene mukufuna. Ndi ntchito ya masabata angapo.

Nyali ikhale chapambali, pamwamba pang'ono pa maso, iye akumwa tiyi kapena kuwerenga. Maso akhale otsegula koma asayang'anitsitse nyaliyo. Werengani pa katoni: 10,000 lux ija imapezeka pa mtunda umene alembapo, nthawi zambiri masentimita 30 kapena chapafupi pamenepo. Mukaikankhira kumapeto kwa tebulo kuwala kumatsika kwambiri, ndipo pa 2,500 lux pamafunika maola awiri.

Nurse_Nyasulu: Ambiri amalakwitsa madzulo. Kuwala kwa usiku kumaletsa thupi kutulutsa melatonin, homoni yobweretsa tulo, ndiye zimene nyali yakonza m'mawa, foni ndi magetsi a m'chipinda zimaphwasula usiku. Kukatsala maola awiri kuti agone, achepetse magetsi ndipo foni aiike patali. Loweruka ndi Lamlungu adzuke nthawi yomweyo. Kugona mpaka masana kamodzi kokha kungabweze zinthu m'mbuyo. Za mapiritsi a melatonin mufunse dokotala, ku Britain sagulitsa popanda chikalata chake.

Chisale: Ndionjezepo: nyaliyo ikhale yosefa UV, cheza chosaoneka chimene chimaononga maso ndi khungu. Mutu ukamawawa, maso akamalema kapena akamamva nseru, chepetsani mpaka mphindi 15 kapena muitalikitse pang'ono. Wa matenda a bipolar (a maganizo osinthasintha kwambiri), wa vuto la retina (mbali ya m'kati mwa diso yolandira kuwala), ngakhale amene akumwa mankhwala opha mabakiteriya a doxycycline, asayambe asanaonane ndi dokotala.

Mwale: Owerenga ali kumudzi asataye ndalama. Kunja m'mawa, ngakhale kuli mitambo, kuwala kumapitirira 1,000 lux, pamene m'nyumba nthawi zambiri sikufika 500. Kukhala pakhonde mphindi 30 osavala magalasi akuda kumathandiza. Agogo amene amawodzera 7 koloko madzulo n'kudzuka 2 koloko usiku, awo vuto lawo ndi losiyana: kuwala azikulandira madzulo, osati m'mawa.