Mapaipi a boom ya windsurfing agwirana: ndikonze bwanji?

Wa ku Kapata:
Akuluakulu, ndagula boom ya windsurfing (chogwirira cha mapaipi chowongolera thanga pa masewera oyenda pamadzi munthu ataima pathabwa) yomwe inkagwira ntchito m'nyanja yamchere ku Durban, ndipo ndikufuna kukaseweretsa ku Senga Bay. Mapaipi akumbuyo otalikitsira boom agwirana moti sakusuntha, komanso mphira wogwirapo wamatuka. Kodi ndingazikonze bwanji konkuno ku Chipata?

Mmisiri wa ku Katete:
Achimwene, mchere ndi mchenga ndizo zimamanga mapaipi a aluminiyamu. Tsegulani timapini, muviike mbaliyo m'madzi ofunda usiku wonse, kenaka wina agwire kutsogolo pamene inu mukupotokola ndi kukoka pang'onopang'ono. Chonde musamenye ndi hamala, chifukwa paipi yopindika mukaiwongola imafooka, ndipo ikhoza kukuthyokerani muli pakati pa nyanja.

Wa ku Mchini:
Za mphirawo, palani guluu wakale, mupake guluu wa osoka nsapato mbali zonse ziwiri, mudikire ayambe kuuma musanamatike, ndipo mukulunge ndi lamba wa chubu cha njinga mpaka m'mawa. Muonenso chingwe chomangira boom pamlongoti. Ngati chayamba kuyoyoka, chisintheni.

Mmisiri wa ku Katete:
Girisi musapakemo, amakola mchenga. Mukachoka kunyanja, muzisolola mapaipiwo ndi kuwatsuka musanasunge.