Funso: kodi mafoni angapite bwanji ku nambala ina ine ndikakhala kosafika netiweki?

Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru kwa inu amene mukudziwa bwino za call forwarding, njira ija yochititsa kuti munthu akakuimbirani, foni ikalire pa nambala ina. Ndimagula mbewu m'midzi ya kumapiri a Ntcheu, kumene netiweki imadukaduka, ndipo makasitomala akandisowa sachedwa kuimbira wina. Cholinga changa n'chakuti pa nthawi zoterozo mafoni azilandiridwa ndi mayi a kunyumba, amene amakhala kusitolo tsiku lonse.

Mu settings ndapezamo zosankha zinayi: kutumiza mafoni onse, kutumiza ndikakhala ndikulankhula ndi wina, ndikapanda kuyankha, komanso pamene sindikupezeka. Chomalizachi ndicho ndikufuna, koma nditaimba *#62# kuti ndione mmene zinthu zilili, panatuluka nambala yomwe sindinaiikepo, ndipo mtima sunakhale m'malo. Kodi pali wina amene akumvetsera mobisa zokamba zanga pafoni? Ndikufunanso kudziwa amene amalipira, ndiponso ngati mauthenga a ndalama za pafoni amapita nawo.

Yankho loyamba

Bambo, musade nkhawa msanga, chifukwa nambala yotuluka pa *#62# kawirikawiri imakhala ya voicemail (kumene oimba amasiya uthenga wa mawu) ya kampani yanu ya mafoni, ndipo mukaimbira ofesi yawo yothandiza makasitomala adzakutsimikizirani. Kuti muike nambala ya mayi, imbani **62* kenako nambalayo kuyambira ndi +265, mutseke ndi #. Dongosololi silisungidwa mufoni mwanu koma pa netiweki ya kampaniyo, n'chifukwa chake limagwirabe ntchito ngakhale batire litatha kapena foni itazima. Komabe muliike muli pamalo pogwira netiweki, musanakwere mapiriwo. Ngati foni yanu ili ya ma SIM awiri, muonetsetse kuti mwaimbira pa SIM yoyenera, pakuti iliyonse ili ndi dongosolo lake. Mukafuna kuchotsa zonse, imbani ##002#.

Yankho lachiwiri

Pa za malipiro, woimbayo amalipira monga mwa nthawi zonse, koma gawo lochoka pa nambala yanu kukafika kwa mayi nthawi zambiri limadya mayunitsi anu, ndiye foni isamakhale yopanda kanthu. Mauthenga a SMS satsatira, kotero uthenga wakuti kasitomala wakutumizirani ndalama udzakudikirani mpaka netiweki itabwerera, ndipo mayi asapereke katundu pongomva mawu a munthu. Mafoni a WhatsApp nawonso sakhudzidwa chifukwa amadutsa pa intaneti.

Ndikuchenjezeninso kuti musasokoneze 62 ndi 21, chifukwa **21* imatumiza mafoni onse ndipo yanuyo siidzalira n'komwe ngakhale muli pakati pa tauni ya Lilongwe. Mukamaliza kuika, zimitsani foni, wina akuimbireni, muone ngati ya kusitolo ikulira.