Thandizeni: sipidi ili bwino koma ping ikukwera madzulo, vuto ndi rauta kapena mlamu wanga?

Wantchito Wapakhomo:
Abale ndi alongo pagulu pano, ndithandizeni chifukwa mutu wanga waima. Ndimagwira ntchito ndili pakhomo ndipo misonkhano yathu yambiri ndi ya video call. Masiku ano ndikamalankhula, anzanga akuti mawu anga akuwapeza mochedwa, moti ndimayankha funso anthu atadumphira kale pa nkhani ina. Dzulo abwana anandifunsa pamaso pa aliyense ngati ndikusinza. Manyazi ake osanena. Ndikapanga speed test, download ikuonetsa 40 Mbps, ndiye si kuti intaneti palibe ayi. Koma ping, nthawi ija imene uthenga umatenga kupita ndi kubwerera, m'mawa imakhala pa mamilisekondi (ms) 30, kukamada ikumafika 700, nthawi zina 900, n'kutsikanso, n'kukweranso. Rauta ndazimitsa n'kuyatsanso mpaka batani layamba kulowa m'kati. Ku kampani ya intaneti ndinaimba, amene anayankha anangoti "kwathu kuno zonse zili bwino," foni n'kudula. Komanso ndinene zoona, pakhomo pano pali mlamu wanga amene anabwera kuti adzangocheza pang'ono, koma zikwama zake zikungochuluka. Tsiku lonse ali pa TV kuonera mafilimu a pa intaneti. Ndikati ndilankhule, mayi akunyumba akuti ndikudana ndi abale awo. Palinso mnyamata wa aneba amene amakonda kuima pampanda foni ili m'manja, akumwetulira yekha. Ndigule rauta ina? Ndisinthe kampani? Kapena ndingomuuza mlamuyu kuti nthawi yakwana?

Injiniya Weniweni:
SINTHANI DNS. Ikani 1.1.1.1 kapena 8.8.8.8 basi, nkhani yatha. Musamvere zina zilizonse zimene anthu alembe pansipa.

Tadala wa Netiweki:
Achimwene, pepani ndi zimenezi. Koma simunatiuze chinthu chachikulu: intaneti yanu imabwera bwanji? Ndi fibre, ndi rauta yolowetsa SIM ya 4G kapena 5G, kapena ndi dishi? Nanga laputopu yanu ili pa chingwe kapena pa Wi-Fi? Ndipo upload ikuonetsa zingati? Mwangotiuza download yokha, pamene mawu anu ndi nkhope yanu pa video call zimachoka kwanu kupita kwa anzanu kudzera pa upload.

Malume Achabechabe:
Mlamu akasamuka ping itsika yokha mpaka 5. Izi sizifuna sukulu.

Mayi a Mapasa:
Koma bambo inu, mwabwera kudzafunsa za intaneti kapena kudzaika mlamu wanu padzuwa? Tsiku lina mudzakhala inuyo pakhomo pa eni ake. Kambiranani ndi akazi anu kuchipinda, osati pagulu la anthu masauzande.

Wantchito Wapakhomo:
Amayi, sindikumunyoza ayi. Kungoti ngakhale limoti ya TV sindiigwiranso m'nyumba mwanga momwe.

Injiniya Weniweni:
Mwasintha DNS ija? Ine ndakhala ndikukonzera anthu makompyuta kuyambira nthawi ya Windows XP, ena mwa inu musanadziwe n'komwe kuti mbewa ya kompyuta ndi chiyani. Aliyense wobwera ndi vuto la intaneti yochedwa ndimamusinthira DNS ndipo amapita akuthokoza.

Tadala wa Netiweki:
A Injiniya, ndi ulemu wonse, DNS ntchito yake ndi kumasulira dzina la webusaiti kuti likhale nambala ya IP, imene ndi adiresi yake pa intaneti. Zimenezo zimachitika poyamba polumikiza. Call ikangoyamba, mawu sadutsanso ku DNS. Ikhoza kuthandiza kuti tsamba liyambe kutseguka msanga pang'ono, koma singachititse ping kuchoka pa 30 kufika 900 madzulo okhaokha.

Injiniya Weniweni:
Zakusukulu zimenezo mwana wanga. Ine ndikunena za m'manja.

Gemala Wausiku:
Akulu, ngati muli pa Wi-Fi ya 2.4 GHz thawaniko. Kumeneko kumadzaza, aneba onse ali komweko, ma Bluetooth ali komweko, ngakhale microwave ikayatsidwa imasokoneza chifukwa nayo imagwira ntchito cha pa 2.4 GHz pomwepo. Ine ndinkafa mu gemu nthawi iliyonse mlongo wanga akayatsa microwave kukhitchini, ndinkaona ngati mnyamata wanga pa sikirini waima, pobwerera n'kupeza anandiwombera kalekale. Pitani pa 5 GHz ngati rauta yanu ili nayo, kungoti iyo siboola makoma bwino, muzikhala chifupi. Mukakakamira pa 2.4, sankhani channel 1, 6 kapena 11, zinazo zimalowererana. Koma mankhwala enieni ndi chingwe cha Ethernet. Cha mtundu wa Cat5e chokha ndi chokwanira.

Mayi a Mapasa:
Munthu wamkulu ndevu pepeya kumalira kuti wafa mu gemu. Dziko lapita kuti?

Gemala Wausiku:
Amayi, ndevu zanga mwaziona kuti?

Bambo Chisale Wakale:
Nkhani ya ma rauta musandikumbutse. Yanga inapsa ndi mphenzi, pamodzi ndi TV ndi decoder, zonse usiku umodzi. Ndinadzuka m'nyumba mukununkha pulasitiki wopserera, adaputa itatupa pakhoma. Ndinapita kumene ndinagula, anati chitsimikizo sichikhudza mphenzi. Ndinalemba kalata, palibe anayankha. Mpaka lero mvula ikangoyamba kugunda ndimazula chilichonse. Inu mukudandaula ping, thokozani kuti rauta yanu ikuyaka.

Wadishi:
Ngati ndi intaneti ya satellite zija zakale, palibe chimene mungachite. Satellite zimenezo zili pa mtunda wa makilomita 35,786 kuchokera pansi pano. Uthenga ukwere, utsike, yankho likwerenso n'kutsikanso, ping yake imakhala cha m'ma 600 ms ngakhale mutagula rauta yagolide. Ndinagwirapo ntchito pamalo pena pamene tinkadalira imeneyo, polankhula pa foni umayenera kudikira mnzako amalize, apo ayi mumangowombana mawu.

Gemala Wausiku:
Koma akuti m'mawa imakhala 30. Ya satellite yakutaliyo singatsike kufika 30 ngakhale pakati pa usiku, mtunda susintha. Werengani bwino funso.

Wadishi:
Ndangopereka chitsanzo, mphwanga, sikuti ndalakwira boma.

Tadala wa Netiweki:
Achimwene eni funso, chitani ichi madzulo ano vuto likayamba, n'chaulere. Pa Windows tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig, muone pamene palembedwa Default Gateway. Imeneyo ndi nambala ya rauta yanu, kawirikawiri imakhala 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1. Ndiye lembani ping 192.168.1.1 -t (muike nambala yanuyo), muisiye iziyenda. Tsegulani windo ina mulembe ping 8.8.8.8 -t. Muziyang'ana ziwirizi limodzi. Ya rauta, ngati muli pa chingwe, iyenera kukhala 1 ms kapena kucheperapo. Pa Wi-Fi yabwino, ma ms ochepa chabe. Mukaona ya rautayo ikudumpha kufika 100, 300, kapena kulemba Request timed out, vuto lili m'nyumba mwanu momwemo, pakati pa laputopu ndi rauta, ndipo kampani ya intaneti ilibe mlandu. Koma ya rauta ikakhala phee pamene ya 8.8.8.8 ikukwera, ndiye kuti vuto lili potulukira: kaya laini yanu yadzaza ndi zinthu za m'nyumba mwanu, kaya kwadzaza ndi kwa kampaniko. Kuti musiyanitse, chotsani aliyense pa Wi-Fi mutsale nokha pa chingwe. Ikatsika, akudzaza laini ndi a m'nyumba. Ikapanda kutsika, jambulani sikirini muwatumizire a kampani, asakuuzeninso kuti zonse zili bwino.

Injiniya Weniweni:
Mwaona? Nayenso wabwerera pa 8.8.8.8 yanga yomwe ija. Ndinanena ine.

Tadala wa Netiweki:
Ndikuigwiritsa ntchito poyezera mtunda chabe, a Injiniya, chifukwa ndi nambala yosavuta kukumbukira. Sindinati asinthe DNS.

Injiniya Weniweni:
Mawu ambirimbiri, mapeto ake nambala ndi yomweyo. Ndipo DNS ikakanika, chimene sichichitikachitika, panga factory reset. Kumbuyo kwa rauta kuli kabowo, lowetsa kawaya, gwira mpaka magetsi aphethire. Imabwerera ngati yatsopano.

Mlongo Wanu Chifundo:
Chonde musapange reset musanadziwe zimene zili m'katimo! Ine ndinamvera malangizo ngati amenewa pagulu lina. Rauta inafufuta dzina ndi pasiwedi ya PPPoE, zolowera pa laini ya kampani ya intaneti, zimene anaika amene anadzalumikiza, ine ndinalibe pena paliponse pamene zinalembedwa. Ndinachoka pa intaneti yochedwa kufika pa intaneti palibiretu, weekend yonse, ana akundiyang'ana ngati ndapha munthu.

Injiniya Weniweni:
Imeneyo ndi mbuli ya amene anakulumikizirani, si vuto la reset.

Wantchito Wapakhomo:
Zikomo nonse. Funso lina: ndingadziwe bwanji ngati mnyamata wa aneba uja akuba Wi-Fi yanga? Lero waimanso pampanda paja.

Malume Achabechabe:
Sinthani dzina la Wi-Fi likhale "Ndakuona Iwe Wapampanda". Akathawa ndiye kuti ndi iyeyo.

Gemala Wausiku:
Lowani mu rauta pa browser ndi nambala ija ya gateway, pali mndandanda wa zipangizo zonse zolumikizidwa. Mukaona foni yachilendo, sinthani pasiwedi, muike chitetezo cha WPA2 kapena WPA3, ndipo muzimitse WPS, njira ija yolumikizira popanda kulemba pasiwedi. Koma mafunso a achemwali a Tadala aja simunayankhe, akulu. Fibre kapena SIM? Ngati ndi SIM, madzulo anthu onse a m'dera lanu amakhala pa nsanja imodzi yomweyo, ping imakwera ngakhale m'nyumba mwanu mutakhala nokha.

Tadala wa Netiweki:
Pali china chimene ndikuchikayikira kwambiri, chimene amachitcha bufferbloat. Dzinali analitchukitsa ndi Jim Gettys cha m'ma 2010, atavutika ndi zofanana ndi zanuzi kunyumba kwake. Zimakhala chonchi: laini ikadzaza, makamaka ya upload imene nthawi zambiri imakhala yaing'ono kuposa download, rauta kapena modemu imasunga katundu yense pamzere wautali m'malo motaya wina. Zili ngati khomo laling'ono limene patsogolo panu paima anthu osenza matumba, inu muli ndi kakalata kamodzi kokha koma mudikirabe onsewo adutse. Mawu anu pa call ndi kakalata kameneko. N'chifukwa chake speed test ikhoza kuonetsa 40 Mbps koma call n'kumavuta, sipidi ndi kuchedwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndipo TV ya alamu anuwo kwenikweni imakoka download, moti mwina mukuwanamizira. Zimene zimadzaza upload ndi mafoni akamakweza zithunzi ndi mavidiyo ku cloud, malo osungirako zinthu pa intaneti, ndipo amakonda kuchita zimenezo akangofika pa Wi-Fi ya kunyumba, madzulo. Yesani fast.com, ikamaliza dinani Show more info, muona latency, kuchedwa kuja, ya Unloaded (laini ili yopanda kanthu) ndi ya Loaded (laini itadzaza). Ngati yoyamba ili 30 koma yachiwiri ili m'mahandiredi, ndi chimenechi. Mankhwala ake ndi makonzedwe a mu rauta otchedwa SQM, kapena QoS yokhala ndi poika malire a sipidi: mumaika cha pa 85 mpaka 90 peresenti ya sipidi yanu yeniyeni, upload ndi download, kuti mzere uzipangika mu rauta yanu imene ingathe kuulongosola. Ma rauta okhala ndi pulogalamu ya OpenWrt amachita bwino zimenezi pogwiritsa ntchito njira zotchedwa fq_codel kapena CAKE. Ambiri opatsidwa ndi kampani alibe.

Injiniya Weniweni:
Keke? Tsopano tayamba kuphika? Munthu akufuna thandizo inu mukumupatsa lekichala. Ndani ali ndi nthawi yowerenga zonsezi? DNS ndi masekondi makumi atatu.

Bambo Chisale Wakale:
Kaya muika chiyani, gulani kaye surge protector, choteteza zipangizo magetsi akakwera mwadzidzidzi.

Mayi a Mapasa:
Mwamva? Achemwaliwo akuti mwina mlamu alibe mlandu. Mukamupepese.

Wantchito Wapakhomo:
Za mnyamata wa aneba ndili ndi umboni, amayi. Makamera amene ndinamangitsa posachedwapa amamujambula bwinobwino, pageti, pampanda, kuseri ndi pakhonde. Amatumiza zonse ku cloud usana ndi usiku, ndimatha kubweza n'kuona ngakhale za dzana pa foni. Ndiye asakane.

Tadala wa Netiweki:
Dikirani kaye. Makamera? Otumiza ku cloud nthawi zonse? Achimwene, kamera imodzi ya HD ikhoza kudya 1 kapena 2 Mbps ya upload payokha, ndipo kukamada chithunzi chimakhala ndi timadontho tambiri, zimene zimakweza data imene ikutumizidwa. Onjezerani mafoni a m'nyumba madzulo. Upload yanu ndi zingati? Ndipo vutoli linayamba makamerawo asanabwere kapena atabwera? Azimitseni kwa mphindi khumi madzulo ano muone ping.

Gemala Wausiku:
Ndiponso ngati makamerawo ndi a Wi-Fi, ambiri amagwira 2.4 GHz yokha. Ali pampanda kutali ndi rauta, siginolo yofooka, amatenga nthawi yaitali kutumiza kanthu kochepa, ena onse akudikira. Akulu, munayamba ndi mlamu kusiya izi?

Injiniya Weniweni:
Makamera alibe vuto. Kwanga ndili nawo, ping yanga ili bwinobwino. Chifukwa chiyani? Mukudziwa kale yankho.

Mlongo Wanu Chifundo:
A Injiniya, upload ya kwanu ndi ya kwa bambowa ndi yofanana? Mwaiona?

Injiniya Weniweni:
Sindikufunika kuiona.

Wantchito Wapakhomo:
A Injiniya, DNS ija ndasintha, ndaika 1.1.1.1. Masamba akuoneka ngati akutseguka msanga, zikomo kwambiri bwana. Kungoti call ya madzulo ano yavutabe, abwana anachita kundiuza kuti ndizingolemba pa chat. Makamera sindingazimitse chifukwa nthawi imeneyo ndi imene mnyamata uja amabwera. Kodi pali amene akudziwa rauta yabwino yokhala ndi tinyanga tambiri?

Injiniya Weniweni:
Yesani 8.8.8.8 tsopano. Ina ija nthawi zina imatengera dera.

Tadala wa Netiweki:
Achimwene, upload. Ndi zingati?

Malume Achabechabe:
Mufunseni mnyamata wapampanda, mwina iye anayeza kale.